Tisiye kuopseza ana ndi apolisi

Dzulo mu minibasi yochoka ku Matero mwana analira maningi, amake ndiye akuti "khala chete iwe, wamuona kapokola uja? azakumanga." Mwana zii. Anthu kuseka, koma ine zinandiwawa mumtima mpaka kukatsika mu tauni.

Makolo timachita izi tsiku ndi tsiku, mwana nkumakula akuganiza kuti lamulo ndi chilombo chogwira ana. Manje tsiku limene munthu wamkulu azamugwira malo osayenera nkumuuza kuti ukaulula apolisi azatitenga tonse awiri, mwanayo azakhulupirira nkukhala chete, chifukwa mantha amenewo tinawabzala ndi ife pakhomo.

Wanga ali ndi zaka 7. Nambala ya foni yanga anailoweza, ndipo 116 nayonso amaidziwa, ya Childline yothandiza ana, yaulere, olo foni ilibe tokotaimu imapita. Ndinamuuza kuti ku polisi kuli ofesi yotchedwa Victim Support Unit, kumene amamvetsera ana ndi azimayi ozunzidwa, komanso kuti thupi lake ndi lake, kaya ndi amalume, kaya aphunzitsi, kaya ndani. Apongozi anga akuti ndikumukulitsa msanga, sindinakangane nawo koma sindinasiye.

Ambiri a ife sitidziwa ngakhale zimene zili mu Children's Code Act ya 2022. Lamuloli likuti aliyense amene sanakwanitse zaka 18 ndi mwana, linaletsa kulanga mwana pomumenya, komanso chaka chomwecho boma linakweza zaka zimene mwana angaimbidwe mlandu kuchoka pa 8 kufika pa 12. Apa mpamene anyamata athu amu komboni akugwera, ma junkie amawatuma kukatsomphola mafoni nkumawanamiza kuti ndiwe mwana sangakuchite kanthu, pamene wazaka 13 mlandu umamugwira ndithu. Nanga ndani anamukhazika pansi kumuuza zimenezi? Mu 2023 anasinthanso lamulo la ukwati, ngakhale wa mwambo, wosakwana zaka 18 sakwatiwa. Mtsikana amene akudziwa zimenezi ali ndi mau okanira akamamukakamiza.

Tisadikire Civic Education ya ku sekondale, ena safikako nkomwe. Mwana amene amasunga malamulo a chiyato ndi waida angamvetse bwino chifukwa chake timawolokera pa zebra komanso kuti chotola chili ndi mwini wake.

Loweruka tikamapita ku msika ndimudutsitsa pa polisi posti ya kwathu kuno, ndikufuna apereke moni kwa apolisi ndi pakamwa pake.