Nyimbo m'wodi ndi zabwino, koma funsani kaye wodwalayo

Abale anga, lero ndikufuna ndinene za nyimbo, zojambula ndi zisudzo m'zipatala zathu, ndipo ndikudziwa kale kuti ena mundinena kuti ndakhuta. Mukuti, "Iwe, kuchipatala akutilembera mankhwala kuti tikagule ku famase, anthu akugona pansi m'makhonde, ndiye ukufuna tizipenta maluwa pakhoma?" Funsolo ndi lomveka, ndipo ngati pali woti achotse ndalama ya mankhwala n'kukagulira gitala, ine ndikhala woyamba kumukuwiza. Koma zimene ndikunenazi si zachilendo zoti tiyitanitse kuchokera kunja. Zili kale m'zipatala zathu, tsiku ndi tsiku, kungoti palibe amene amaziyang'anira. N'chifukwa chake pena zimathandiza wodwala, pena zimamuzunza.

Pitani pachipatala chaching'ono chilichonse cha kumudzi m'mawa wa tsiku la sikelo. Amayi akhala pamabenchi, ena pansi pamtengo, ana kumsana, mabuku a sikelo m'manja. Mlangizi wa zaumoyo sayamba n'kulankhula. Amayambitsa nyimbo, amayi n'kumavomera uku akuwomba m'manja. Nyimbo za kulera, za kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, za kugona m'neti, za magulu 6 a zakudya. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu sangawerenge chipepala chomatidwa pakhoma, koma nyimboyo amapita nayo kwawo, amakaiimba pamtondo, apongozi ake n'kuimva. Komanso mtsikana wa mimba yoyamba amene anabwera ali ndi mantha amamasuka akaona anzake akuseka. Amene anayambitsa zimenezi sanadikire thandizo la mabungwe. Anangodziwa mmene Amalawi timamvera zinthu.

Lamlungu masana m'mawodi mumalowa amayi a Mvano, amayi a Chikatolika, magulu a amayi a Chisilamu, ndipo Loweruka a Dorika. Amabwera ndi sopo, shuga, buledi, n'kuimba nyimbo ziwiri zitatu. Ndaonapo gogo amene anakhala masiku osalankhula ndi munthu akugwedeza milomo kutsatira nyimbo ya m'buku imene anaiphunzira ali mtsikana. Magadiyani ake anayang'anana. Zoterezi sizilembedwa mufayilo ya wodwala, koma aliyense amene anagonapo pansi pa bedi la m'bale wake akudziwa kuti zimachitika.

Tsono vuto lili apa. Nthawi ina ndinali gadiyani wa azakhali anga pachipatala china chachikulu. Anali atangochoka ku fiyeta m'mawa womwewo, dripi ili pamkono, mutu ukuwawa, akusanza chifukwa cha mankhwala ogonetsa aja. Nthawi yoona odwala itakwana, kunalowa bambo wina ndi sipika yonyamula m'manja, anyamata awiri pambuyo pake. Sanafunse munthu. Anaima pakati pa wodi, n'kutsegula nyimbo mpaka mawindo kunjenjemera, kenako kulalika mokuwa kuti matenda onse muno ndi ziwanda. Pabedi loyandikana nafe panali mayi wachisilamu, anangofunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Azakhali anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Mwanawe, kawauze achepetseko." Ndinapita, koma bamboyo anandiyang'ana ngati ine ndiye chiwanda chake. Namwino anali mmodzi yekha wodi yonse, akusintha mabandeji kumapeto uko, analibe mphamvu zokangana ndi munthu wa Mulungu.

Ine ndimapemphera, musandimve molakwa. Koma munthu amene ali pabedi sangathawe. Kumsika mlaliki akakusokosera umangosuntha, m'minibasi umatsika. M'wodi umangogona n'kumamva. Ndiye chilichonse chimene tikubweretsa kwa iye, kaya ndi kwaya, kaya ndi sewero, kaya ndi nthabwala, chiyenera kuyamba ndi kugogoda n'kufunsa kuti, "Mayi, tikuimbireni?" Akakana, basi, tipite bedi lina. Nyimbo yomweyo imene inatsitsimutsa gogo uja ikhoza kukhala chilango kwa munthu amene mutu ukumuphulika.

Kwa amene mumafuna umboni wa akatswiri, ulipo wambiri. Mu 1984 Roger Ulrich anasindikiza kafukufuku wa odwala 46 amene anachitidwa opareshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania, ku America. Theka la iwo zenera lawo linkayang'ana mitengo, theka linalo linkayang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo aja anatuluka msangako, ndipo anamwa mankhwala amphamvu oletsa ululu ochepa. Chipatala chomwecho, opareshoni yomweyo, kusiyana kwake zenera. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya Lancet inaphatikiza kafukufuku 73 wokhudza odwala pafupifupi 7,000 ochitidwa opareshoni, n'kupeza kuti omvera nyimbo ankamva ululu wochepa, ankada nkhawa pang'ono, ndipo ankafuna mankhwala oletsa ululu ochepa. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa lipoti lolembedwa ndi Daisy Fancourt ndi Saoirse Finn, lomwe linaunika zolemba zoposa 900 pankhani ya luso ndi thanzi. Ngakhale Florence Nightingale, amene anamwino athu amamukumbukira pa 12 May chaka chilichonse, analemba kalekale kuti wodwala amavutika akamangoona khoma lomwelomwelo, ndipo kuona maluwa ndi mitundu yowala kumamuthandiza kuchira.

Kafukufuku amene ine amandigwira mtima kwambiri ndi wa Joanne Loewy ndi anzake, wa mu 2013, wokhudza ana 272 obadwa masiku asanakwane m'zipatala 11 za ku America. Nyimbo zogonetsera mwana zoimbidwa pakamwa, zimene makolo anasankha okha, zinkathandiza kuti mtima wa mwana ugunde modekha ndi kuti ayamwe bwino, makolonso nkhawa zinkawachepera. Taganizani za mawodi athu a kangaru, mmene mayi amakhala ndi kamwana pachifuwa usana ndi usiku, ali ndi mantha kuti kapuma kapena ayi. Mayi ameneyu nyimbo ali nayo kale, anaimva kwa amayi ake. Chimene chikusowa ndi namwino womuuza kuti, "Muimbireni mwanayo, musachite manyazi, zimathandiza." Sipafunika ngakhale tambala.

Koma ndinene mosapsatira, chifukwa m'dziko muno tili ndi anthu amene amauza odwala kuti ataye ma ARV. Nyimbo sipha tizilombo ta malungo. Chithunzi sichitsitsa shuga. Mwana wa malungo amafuna LA, wa chibayo amafuna jakisoni ndi mpweya. Ntchito ya luso ndi ina: kuchepetsa mantha, kufupikitsa tsiku, kupangitsa mwana kulola kubayidwa osamenyana ndi anthu atatu, kukumbutsa munthu kuti akadali munthu, si "bedi 14" ayi. Makolo athu ankadziwa kuti kudwala kumagwira thupi ndi mtima womwe. Vimbuza wa kwa Atumbuka, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi gule wa machiritso: ng'oma, nyimbo, ndi mudzi wonse kuzungulira munthu amene wasokonezeka mumtima. Sindikunena kuti tikaimbe ng'oma ku ICU, kwa odwala kayakaya. Ndikungoti amene amati nyimbo pafupi ndi wodwala ndi zachizungu sakudziwa kwawo.

Za makoma ndisachulutse. Amene munalowako ku Mercy James, chipatala cha opareshoni ya ana chimene chinatsegulidwa mu 2017 pa Queen Elizabeth ku Blantyre, mukudziwa mmene makoma ake aliri ndi zithunzi zowala. Yerekezani ndi mawodi ambiri a ana m'maboma, khoma lotuwa, penti yosupuka, pamwamba chipepala cha chithunzi cha mwana wotupikana. Mwana wa zaka 4 agone moyang'ana chimenecho sabata yathunthu? Ojambula tili nawo. Anyamata amene amalemba zikwangwani za magolosale ndi mabala m'matauni athu akhoza kujambula kalulu, njovu ndi nsomba za m'nyanja pakhoma la wodi masiku awiri okha. Ku Mua kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe kwatuluka osema ndi ojambula ambirimbiri. Ku Britain bungwe la Paintings in Hospitals linayamba mu 1959 chifukwa cha munthu mmodzi, Sheridan Russell, wogwira ntchito pachipatala china ku London, amene anayamba kupachika zithunzi za ojambula m'makhonde ndi m'malo odikirira. Makampani amene amapenta masitolo onse a m'mbali mwa msewu wa M1 ndi mitundu yawo angalephere zitini zochepa za wodi ya ana? Chokhacho, asatilembere dzina la kampani pamwamba pa bedi la mwana.

Tsopano za ogwira ntchito, zimene anthu ambiri sitiziganizira n'komwe. Timakonda kudandaula kuti anamwino ndi amwano, ndipo ena ndi amwanodi. Koma tadzifunsani kuti munthu amene watseka maso a ana awiri usiku umodzi, kenako m'mawa n'kukwera minibasi kukaphikira ake, chisoni chakecho amakachitula kuti? Anthuwa anadutsa mu Covid, asanapume kunabwera kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700, mkati momwemo namondwe Freddy n'kudzaza mitembo ndi ovulala m'zipatala za kummwera. Ife tinalira maliro athu, tinakhala pasiwa, tinaimba usiku wonse, mtima n'kutsikako. Iwo anangosintha magolovesi n'kupita kwa wodwala wotsatira. Pachikhalidwe chathu chisoni timachitulutsa ndi nyimbo, pagulu. Namwino yekha ndi amene timayembekezera kuti azingomeza.

M'zipatala zambiri za mishoni ogwira ntchito amayamba tsiku ndi mapemphero ndi nyimbo, dokotala, wokolopa ndi mlonda pabenchi limodzi. Ndi nthawi yokhayo imene wokolopa angatsogolere, dokotala n'kumavomera. Ine ndikuona kuti zimenezi zimamanga anthu kuposa mawekishopu a kunyanja aja amene amapita mabwana okhaokha. Abale athu amene akugwira unamwino ku Britain angachitire umboni kuti kumenekonso zipatala zili ndi makwaya a ogwira ntchito. Kwaya ya Lewisham and Greenwich ku London inafika pokhala nambala 1 pa nyimbo zogulidwa kwambiri m'dzikomo pa Khrisimasi ya 2015. Ife amene kwaya ili m'magazi tingalephere ola limodzi pasabata loti anamwino, azamba ndi othandiza m'mawodi aimbe, aseke, kapena achite sewero lonyoza mavuto awo omwe? Koma likhale ola la m'nthawi ya ntchito, osati kumuuza munthu amene wagwira usiku wonse kuti atsalire prakatisi.

Ndani angachite zonsezi? Ku Zomba, yunivesite ya Malawi imaphunzitsa nyimbo, zisudzo ndi zojambula, ndipo pamene inkatchedwa Chancellor College inatchuka kale ndi zisudzo zoyenda m'midzi zokambirana ndi anthu nkhani za umoyo. Chipatala chachikulu cha Zomba ndi chipatala cha matenda a maganizo zili m'tauni yomweyo. Yunivesite ya MUST ku Thyolo nayo ili ndi sukulu ya zachikhalidwe. Ophunzira amenewa chaka chilichonse amasowa kokachitira atachimenti. Bwanji osawatumiza m'mawodi, ataphunzitsidwa kaye ndi anamwino za kusamba m'manja, za mawodi osayenera kulowamo ngati a TB, ndi za kusunga chinsinsi cha wodwala? Apa ndiwonjezepo kadandaulo kanga: inu amene mumapita kukaona odwala ndi paketi imodzi ya shuga n'kujambula zithunzi 30 za pa Facebook, munthu ali chigonere, chitenje chitasolola, lekani. Woimba amene akubwera m'wodi foni yake izikhala m'thumba.

Komiti yoyang'anira chipatala ikhoza kuyamba mawa popanda bajeti. Pakhomo la wodi pakhale kope lolembamo magulu ofuna kudzaimba, sisitala wa wodiyo ndiye azinena tsiku ndi ola, adokotala atamaliza kuzungulira komanso mankhwala atagawidwa. Sipika isalowe, aziimba pakamwa, mphindi 15 zakwana. Amene achoka kumene ku fiyeta ndi amene ali kayakaya asasokonezedwe pokhapokha abale awo atapempha okha. Ndipo mlonda wa pageti auzidwe kuti lamuloli likukhudza aliyense, ngakhale wovala kolala.