A njinga, belu munagulira chani kodi?

Koma abale anthu ena a njinga kuno ku Chigwa cha Shire mwatitopetsa. Tinjira topita kudimba ndi kumjigo ndi tathu tonse, oyenda pansi, ngolo za abulu, ng'ombe zopita kukamwa madzi ku Shire, ndiye wina angotulukira kumbuyo kwako fyuu osaliza belu olo kukuwa chabe, mayi ali ndi ndowa pamutu mwana kumsana, mukufuna adumphire kuti? Paminga?

Ena belulo amaliza atafika kale pachidendene pako, kumeneko nkudzidzimutsa munthu basi. Lizani mukadali patali, chepetsani liwiro, mudutse mosiya mpata.

Nanga ziweto. Ku Ngabu kuno ng'ombe nzambiri ndipo aliyense amadziwa kuti ikadzidzimuka imathamangira kulikonse, bulu amaponya mateche, ngolo imatha kugwera mungalande ndi anthu omwe. Koma upeza munthu akulowa pakati pa gulu la ng'ombe ndi thumba la makala lopingasa pakaliyala, mabuleki kulibe, akuimitsa njinga ndi patapata pa tayala. Dikirani kaye mnyamata woweta azikusire mbali imodzi achimwene, simufa ayi.

Usiku pa M1 pakati pa Nchalo ndi Bangula ndiye osanena, njinga yopanda nyali olo chonyezimira, malaya akuda bii, akupalasa kumanja ngati sadziwa kuti ku Malawi timayendera kumanzere. Inde dzuwa lakuno limaotcha ndipo akabaza mumathamangira makasitomala, tikudziwa, komatu kasitomala wake ndi ife tomwe mukutigundafe.