Mapenate si mwayi: pomwe a Zambia amatiposa

Usiku wina mpikisano wa AFCON, wolimbirana chikho cha maiko a mu Africa, uli mkati, tinali m'kanyumba koonetsera mpira ku Chibavi kuno ku Mzuzu, kunja kukuwaza kamvula kozizira. Masewero adathera kumapenate. Mnyamata amene ndidakhala naye benchi imodzi adati, "Apa ndi mwayi basi, akulu." Bambo wina yemwe amapitapita ku Lundazi pa geni adatembenuka n'kunena kuti, "Achimwene, mawu amenewo musakawayankhule ku Zambia." Mkangano udabuka pomwepo mpaka mwini malo adazimitsa kanema tisanamvane.

Ine ndili mbali ya bambo aja, ndipo chifukwa changa ndi usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville. Zambia idakumana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba, Yaya Touré ndi Gervinho. Mphindi 120 zidatha opanda chigoli, Drogba ataphonya penate mkati mwa masewero. Kenako mapenate adamenyedwa 18, Chipolopolo, timu ya Zambia, n'kupambana 8-7. Taonani amene adamenya yachisanu, ija imanjenjemeretsa miyendo: goloboyi, Kennedy Mweene! Adagoletsa mosatekeseka, n'kubwerera pagolo kukagwira ya Kolo Touré. Rainford Kalaba ataphonya, anzake sadagwe mphwayi, adapitiriza kuimba atakolekerana manja mpaka Stoppila Sunzu, wotchinga kumbuyo, adamaliza nkhani. Chaka chotsatira Mweene yemweyo adagoletsanso penate pomwe Zambia idalepherana ndi Nigeria 1-1. Munthu sachita mwayi womwewo kawiri. Imeneyo inali ntchito yake, ndipo timu yonse inkadziwa.

Mphunzitsi wawo Hervé Renard sadathamangire maina. Ambiri mwa anyamata ake ankasewera mu Africa muno, ndipo anali atazolowerana kwa zaka. Analinso ndi chowalimbitsa mtima chomwe palibe angachisirire: pafupi ndi mzinda womwewo m'pamene ndege idagwera m'nyanja mu 1993 n'kupha osewera awo 18.

Ife kuno mkangano wathu umathera pa maina. Mphunzitsi akatulutsa mndandanda wa Flames, pa siteji ya kabaza ndi pa Facebook timayamba kuwerenga: a Bullets angati, a Manoma angati, a Silver angati, nanga a Moyale Barracks, Karonga United ndi Chitipa United asiyidwiranji? Dandaulo lomalizali ndimalimva ndithu, pakuti mnyamata wosewera kumpoto amafunika kuwala kawiri kuti aonedwe. Gabadinho Mhango atasiyidwa ndi mphunzitsi Mario Marinica mu 2022, patangopita miyezi yochepa atagoletsa chigoli chapatali chija pokumana ndi Morocco, dziko lonse lidawira. Koma ndi kangati mudamva wina akufunsa kuti masewero akafika kumapenate, asanu athu ndi ati, ndipo goloboyi wathu wauzidwa chiyani za omenya a timu inayo? Funso limenelo timalifunsa woimbira ataimba kale wezulo yomaliza.

Ngakhale South Africa, yomwe abale athu ambiri akumpoto amaidziwa bwino, idationetsa zomwezo mu 2024. Mphunzitsi wawo Hugo Broos adadalira kwambiri anyamata a Mamelodi Sundowns, ozolowerana kale, ndipo goloboyi Ronwen Williams adagwira mapenate anayi a Cape Verde usiku umodzi.

Si kuti a Zambia ali bwino pa zonse ayi. Chitengereni chikhocho, adatulukira m'magulu mu 2013 ndi 2015, kenako adajomba mipikisano itatu yotsatizana. Pamene Flames inkagonjetsa Zimbabwe 2-1 pa AFCON ya ku Cameroon, n'kulepherana ndi Senegal 0-0 VAR, kanema wothandiza woimbira, itatilanda penate, iwo ankaonera pa kanema ngati ife a ku Chibavi. Ndipo mu 2023 timu yathu ya amayi, Scorchers ya Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, idakwapula amayi a ku Zambia 2-1 mu fainolo ya COSAFA, mpikisano wa maiko a kummwera kwa Africa. Luso tili nalo, ndipo mtima wolimbana ndi zimphona udaoneka kale mu 2010 pamene anyamata a Kinnah Phiri adathira Algeria zitatu kwa duu.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mwayi wophunzira tili nawo pakhomo. Zikho zathu monga FDH Bank Cup zimathera kumapenate kawirikawiri, pamaso pa anthu odzaza bwalo. Masiku ano ndikapita ku Mzuzu Stadium pa masewero otere, maso anga amakhala pa mphunzitsi: kodi akutulutsa pepala lomwe adalemba kale, kapena akuzungulira anyamata otopa n'kumafunsa amene angadzipereke?