Amp ya high gain musamaiweruze ikulira yokha

Ndakwiya ndithu ndipo sindibisa. Mnyamata wina anabwera kwathu kudzarekoda gitala ya nyimbo yake ya rock, ine nditamutchera kale amp (makina okweza mawu a gitala) bwinobwino, Peavey 6505 yaing'ono ija ya ma watts 20, maiki ya SM57 ili pa sipika. Wangokhwatcha pang'ono yekha basi akuti "man amp iyi ndi yofooka, ilibe ukali." Wapotokola gain (knob yopangitsa gitala kulira mwaukali) mpaka kumapeto, mid (mawu a pakati pa bass ndi treble) wagwetsa pa zero, bass wakweza, kenako akumwetulira kuti eya tsopano yadzuka. Ndinamuuza kuti aise dikira kaye uimve pamodzi ndi ma drums, anakana, akuti makutu ake samunamiza. Tinarekoda momwemo. Titangoika ma drums ndi besi gitala ija inasowa, kunangotsala kaphokoso ka zzzz ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini, ma chords osamveka ngakhale amodzi. Pano ndikumva kuti akuuza anthu kuti amp yanga ndi ya feki. Ya feki eti!

Abale anga oimba gitala, amp ya high gain simuyenera kuiweruza ikulira yokha m'chipinda. Ayi. Mumaiweruza ili mkati mwa nyimbo, ng'oma zikugunda, besi ikuyenda, woimba akuimba. Zomwe mukumva mutaima pakati pa chipinda voliyumu ili mmwamba si zomwe zikulowa mu kompyuta, ndipo si zomwe munthu adzamve pa foni yake ali mu minibasi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sound ija yodzaza chipinda, yogwedeza mawindo mpaka anansi kuyamba kugogoda, ndi yomweyo imene imakafera mu mix, zida zonse zikaphatikizidwa pamodzi.

Gitala imakhala pa mid, ndi pomwe pali nyumba yake. Waya waukulu wa E uli pa 82 Hz, pansi pamenepo ndi kwa besi ndi kick, kumtunda uko ndi kwa ma cymbals. Ndiye iwe ukachotsa mid nkukweza bass ndi treble ndiye kuti wachoka pako wakalowa pa eni ake, ndipo eni akewo akabwera amakukwirira basi. Uli wekha zimamveka zaukali zedi chifukwa palibe amene ukulimbana naye. Uli wekha chilichonse chimakoma.

Gain nayo anthu mumaiona ngati ndi mphamvu. Si mphamvu. Ukaichulutsa imapanikiza sound yonse kukhala yofanana, kukhwatcha mwamphamvu ndi kukhwatcha pang'ono osasiyananso, kaphokoso ka pick kaja kamene kamapangitsa riff (kagawo ka gitala kobwerezabwereza) kuluma kamatha, kumangotsala mluzu ndi hum ukasiya kuimba. Ndipo ndi magetsi athuwa hum yo sichedwa kubwera. Mtundu wa amp iyiyi anthu akuinyozayi unatuluka mu 1992 ukutchedwa 5150, a Peavey anaupanga limodzi ndi katswiri wa gitala Eddie Van Halen, dzina la 6505 linabwera pambuyo atasiyana. Ma album ambirimbiri a metal anarekodedwa ndi mtundu umenewu, ndiye funsani aliyense amene amadziwa ntchitoyi ngati amaika gain pa 10. Ambiri safika ndi pakati pomwe, amangoika pedal ya Tube Screamer pakati pa gitala ndi amp, drive ili pansi level ili mmwamba, kuti bass isamwazike. Kulemera kuja mumakumva m'nyimbo zakunja kumachokera pa kuimba gawo lomwelo kawiri, ina kumanzere ina kumanja, besi nkumanga pansi. Mukati muimve gitala imodzi yokha ya m'nyimbo zimenezo mungadabwe momwe iliri yowonda, mwinanso munganene kuti nayonso ndi ya feki.

Chomwe chimandipweteka mutu nchakuti munthu amaima chilili, sipika ili pansi ikuloza m'mawondo mwake, iye nkumati ndikuimva bwino. Ukumva chani? Ukumva khoma ndi denga. Maiki ili pamphuno penipeni pa sipika ikumva zina. Gwada pansi uike khutu pomwe pali maikipo voliyumu ili pansi umve kuthwa kwake. Kungosuntha maiki ija pang'ono chabe kuchoka pakati pa sipika kupita cha m'mbali, sound imasintha kuposa kupotokola knob ina iliyonse, pakati imathwa, m'mbali imafewa. Sipikanso payokha ndi theka la nkhani yonse, nchifukwa chake sipika ya Celestion Vintage 30 imatchulidwa paliponse, ndipo sipika ya gitala imadula zambiri za pamwamba pa 5 kHz. Ndiye wina amatenga amp nkuilowetsa mu interface (kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta) popanda sipika popanda IR (fayilo yotsanzira kalilidwe ka sipika), ikamalira moipa akuti amp ndi yoipa. Sunaimve amp iweyo, wamva theka lake. Ndipo amp ya ma valve musamaiyatse mulibe sipika kapena load box (kabokosi kolowa m'malo mwa sipika), mudzaotcha transformer muzalira nokha.

Kuyerekeza ma amp awiri nakonso mumachita zachibwana. Ina voliyumu ili mmwamba ina ili pansi, basi yokwerayo ndi imene yapambana. Nzachidziwikire, khutu la munthu limakonda chokwera, asayansi a Fletcher ndi Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti bass ndi treble timazimva mosiyana voliyumu ikasintha. Linganizani voliyumu kaye, rekodani riff yomweyo, gitala yomweyo, maiki osaisuntha, ikani ma drums ndi besi, pumitsani makutu, mawa lake mumvere osayang'ana kuti iyi ndi iti. Mukatero ndiye bwerani tikambirane. Mupeza kuti plugin yaulere ya pa kompyuta yotsanzira ma amp ngati Neural Amp Modeler nthawi zina ikhala bwino m'nyimbo kuposa amp ya ndalama zambiri yotcheredwa mosaganiza, ndipo mupezanso kuti amp ija munkaiti yofooka ndi imene ikumveka chord iliyonse.

Mwina vuto ndi loti ambirife tinaphunzira gitala tili tokha kuchipinda, kaya. Koma zimenezo sizikupatsa munthu ufulu woipitsa dzina la zida za mnzake asanamve nyimbo yonse. Ukufuna kundiuza kuti amp ndi yabwino kapena yoipa, ndimvetse nyimbo, usandimvetse iweyo ukudzisangalatsa wekha ndi gain ya pa 10.

Ndipo inu ogulitsa ma amp obwera nawo ku Joni, siyani kutitumizira timavidiyo tojambula pa foni nkumati imvani momwe ikulirira. Maiki ya foni imadzitsitsa yokha phokoso likachuluka, WhatsApp nayo nkufinyanso, chofika kwa ine ndi mapokoso okhaokha, ndiye mukufuna nditulutse ndalama zanga chifukwa cha zimenezo? Kuonjeza apo gitala yake yosachuna, mawaya adzimbiri osasinthidwa chigulireni, jack ikuthetheka. Sinthani mawaya kaye.