Mwana wa eni mwamuyanika pa foni ngati ufa, mukuti mukuthandiza yani?

Lamulungu lapitali ndangofika kuchokera kutchalitchi, nsapato ndisanavule, foni n'kuyamba kulira mosalekeza. Ndi gulu lathu la pa WhatsApp la aphunzitsi opuma ntchito, limene tinakhazikitsa kuti tizidziwitsana za maliro ndi za penshoni. Kutsegula, chithunzi cha mtsikana. Dzina lake lonse, chaka chimene ali pasukulu ina ya ukachenjede, maphunziro amene akuchita, boma lochokera, mpaka mfumu ya kwawo. Akuti anakadandaula kuti mphunzitsi wake anamuitanira ku ofesi madzulo n'kumugwirira. Wotumiza chithunzicho ndi bambo wa imvi mutu wonse, mkulu wa mpingo, wokhala ndi zidzukulu zazikazi. Pansi pake n'kulembapo kuti tione ana a masiku ano. Wina n'kuikapo tinkhope tija toseka mpaka misozi. Mayi wina, mayi ndithu, amene anaphunzitsa atsikana moyo wake wonse, n'kufunsa kuti nanga mwanayo ankakatani ku ofesi dzuwa litalowa.

Nsima ya tsiku limenelo inangozizira patebulo.

Ndifunse, akuluakulu anzanga. Munalimo mu ofesimo? Mwanayo mumamudziwa? Mayi ake, amene mwina anagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti mwana akafike kumeneko, mwawaganizira kuti chithunzichi chikawapeza ali pamsika adzagwira mtengo wanji? Zaka zonse zija mukuimirira kutsogolo kwa ana, choko m'manja, lero chala chikuthamanga kuposa nzeru? Munkalanga ana chifukwa cha miseche inu. Lero miseche yomweyo mukuigulira bandulo ndi ndalama ya penshoni, n'kumaigawa tsiku la Mulungu.

Koma ndisanathane nanu, alipo amene anayamba kulakwa. Mdzukulu wa mchemwali wanga amaphunzira pasukulu yomweyo. Nditamuimbira anandiuza kuti kalata ya dandaulo inaperekedwa ku ofesi Lolemba, pofika Lachinayi inali itajambulidwa ndipo ikuzungulira m'mahositelo onse. Kalata yolemba pamanja, yosainidwa. Inatuluka bwanji mu ofesi? Inamera miyendo? Munthu wamkulu, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi kuti azisunga zinsinsi za ana a eni, anatulutsa foni m'thumba n'kujambula misozi ya mwana kuti akaseketse anzake. Ameneyo usiku amagona tulo?

Ndiyetu mtsikanayo akamukhazika pamaso pa komiti. M'komitimo muli ndani? Anzake a woganiziridwayo, amene amamwera limodzi tiyi, amene anaimirirana pa maukwati. Mafunso akenso timawadziwa. Unavala chiyani? Unakuwa? Bwanji sunanene tsiku lomwelo? Uli ndi chibwenzi? Mayeso apitawa unakhoza bwanji? Kenako amuuze kuti adikire mayeso athe, pamene wochonga mayesowo ndi bambo yemweyo, malikisi a mwanayo ali m'dirowa yake. Wina amukokere pambali n'kumunong'oneza kuti aganizire banja la bambowa, ana awo ali pasukulu. Wina amukumbutse za mbiri ya yunivesite. Mbiri! Mbiri ya njerwa ndi malata ilemere kuposa thupi la mwana wa munthu? Paja akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma inu akuluakulu a sukulu mwasunga khoswe zaka ndi zaka poopa kuswa mkhate, osaona kuti zam'katimo akumaliza.

Madandaulo akachuluka, mumangomulola atule pansi udindo mwakachetechete, kalata yomuyamikira ili m'manja, akayambe ntchito pasukulu ina. Fisi mwamutulutsa m'khola mwanu n'kukamusiya pakhomo pa khola la mnansi, inu n'kumati nkhani mwaithetsa.

Amene akuganiza kuti kubisa kumateteza sukulu akafunse ku Michigan State University, ku America. Kumeneko kunali dokotala wa ochita masewera, Larry Nassar, munthu wotchuka amene ankachizanso timu ya dziko lonse ya atsikana a masewera a jiminasitiki. Atsikana anayamba kumudandaula m'zaka za m'ma 1990. Akuluakulu ankawauza kuti sanamvetse, ndi mmene dokotala amachizira. Mu 2014 mtsikana wina anakadandaula motsata dongosolo lonse. Sukulu inafufuza, inde, koma akatswiri amene inawafunsa anali odziwana ndi Nassar yemweyo, ndipo inagamula kuti palibe cholakwa. Bambo uja n'kubwerera m'chipinda chopimira, ana a eni n'kumalowabe mmodzimmodzi kwa zaka zina ziwiri. Nkhani inaphulika mu 2016 pamene nyuzipepala ya Indianapolis Star inailemba. Mu Januwale 2018 amayi ndi atsikana oposa 150 anaimirira m'bwalo la milandu, aliyense n'kufotokoza zimene anachitidwa, ndipo woweruza anamugamula kukhala kundende zaka 40 mpaka 175. Mkulu wa yunivesiteyo anatula pansi udindo tsiku lomwelo. Mu Meyi chaka chomwecho sukuluyo inavomera kulipira madola 500 miliyoni, odandaula atafika 332. Taganizani, 332. Akanamumvera mwana woyamba uja, angati akanapulumuka? Mbiri imene ankaiteteza ija ili kuti lero? Mlandu suwola, abwana a m'maofesi inu.

Inu atolankhani musayambe kudziguguda pachifuwa kuti anzathu ndiwo anaulula. Anaulula, koma anaulula motani? Mayi amene dzina lake linatuluka m'nyuzipepala ija anadzipereka yekha, anasankha yekha kuti atchulidwe. Amene sanafune kutchulidwa sanatchulidwe. Atolankhaniwo anakamupezanso dokotalayo n'kumufunsa mbali yake asanasindikize. Imeneyo ndiyo ntchito.

Yinayo ndi imene inachitika m'dziko lomwelo mu Novembala 2014. Magazini ya Rolling Stone inalemba nkhani yoti mtsikana wa ku University of Virginia anagwiriridwa ndi anyamata asanu ndi awiri m'nyumba ya kagulu kena ka ophunzira. Dziko lonse linagwedezeka. Nyumba ija anthu anaiphwanya magalasi. Koma mtolankhani, Sabrina Rubin Erdely, anali atamva kwa munthu mmodzi basi. Anzake atatu a mtsikanayo, amene nkhaniyo inawaika mawu m'kamwa, sanawafunse. Mnyamata amene ankati ndiye anatsogolera zonsezi, sanatsimikize n'komwe ngati alipo. Akonzi anaona mipata yonseyi n'kulola kuti isindikizidwe, poti nkhani inali yotentha. Apolisi a ku Charlottesville atafufuza anati sanapeze umboni wa zimene zinalembedwazo, ngakhale mkulu wawo ananenanso kuti zimenezi sizikutanthauza kuti palibe choipa chimene chinamuchitikirapo mtsikanayo. Mu Epulo 2015 magaziniyo inabweza nkhani yake, sukulu ya utolankhani ya ku Columbia University itaunika n'kupeza kuti analephera pa sitepe iliyonse. Mayi wina wa udindo payunivesitepo, amene nkhaniyo inamuonetsa ngati wopanda chisoni, khoti linamupatsa chipukutamisozi cha madola 3 miliyoni. Kagulu ka anyamata kaja kanalandira madola 1.65 miliyoni.

Ndalamazo zilekeni, eni ake analipira. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti kuyambira pamenepo aliyense wofuna kutseka pakamwa mtsikana wogwiriridwa anapeza chibonga chatsopano: mwaiwala ya ku Virginia ija? Ulesi wa mtolankhani mmodzi ndi akonzi ake unalipiridwa ndi atsikana amene ankanena zoona zokhazokha.

Nanga kuno kwathu, masamba a pa Facebook amene angomera ngati bowa wa m'dzinja, aliyense wokhala ndi foni akudzitcha mtolankhani? Mumalemba kuti dzina talibisa, kenako n'kutchula chaka, maphunziro, boma lochokera ndi hositelo, m'kalasi imene atsikana alimo anayi okha. Mwabisa chiyani pamenepo? Mwana akuti wagwiriridwa, inu mutu wa nkhani n'kulemba kuti chibwenzi chavuta. Chibwenzi? Mumasaka chithunzi chake chimene anajambulitsa kunyanja atavala kabudula, n'kusiya cha pa tsiku la kwaya, kuti owerenga aweruze okha. Mumaimbira anzake a m'chipinda, mumafika mpaka kumudzi kukajambula agogo ake akulira. Pawailesi mumatsegula foni kuti amalume a m'mabawo aimbe n'kumaseka. Sabata ikatha mwapeza nkhani ina yotentha, mlandu uja unatha bwanji palibe amene amabwererako kukafunsa. Inu mwapeza owerenga. Iye watsala ndi dzina limene aliyense wodzamulemba ntchito adzalipeza pa intaneti zaka khumi zikubwerazi.

Ndipo woganiziridwayo nayenso musamuweruze pa foni. Ndamva kuti anyamata ena akumemana kuti akaphwanye galimoto yake. Mukaphwanya, mtsikana uja wapeza chilungamo? Kapena mwangopatsa loya wa bamboyo nkhani yokakamba kukhoti, sukulu n'kupeza chifukwa chothamangitsira inuyo m'malo mwa iye? Umboni umene mukuumwaza m'magulu, mauthenga a pa foni, mawu ojambulidwa, umenewo unayenera kukafika m'manja mwa wapolisi uli wathunthu, osati utadulidwadulidwa ndi kuikidwa nyimbo.

Inu aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede amene mwasandutsa malikisi kukhala nyambo, ndilibe mawu ambiri nanu. Mwana wa msinkhu wa mwana wanu, wodalira loni, wodya kamodzi patsiku, mumuopseze kuti alephera akapanda kubwera ku ofesi usiku? Madigiri onsewo anakuphunzitsani zimenezi? Ku Nigeria, pulofesa Richard Akindele wa ku Obafemi Awolowo University ankaganiza kuti ndi wosakhudzika. Wophunzira wake anamujambula mawu akupempha zogonana kuti amukhozetse, ndipo mu Disembala 2018 anagamulidwa zaka ziwiri kundende. Chaka chotsatira, BBC inatumiza atolankhani obisa makamera ku University of Lagos ndi ku University of Ghana, Africa yense n'kuonera akuluakulu a maphunziro akuchita zamanyazi m'maofesi awo. Mukuganiza kuti ana a kuno alibe mafoni?

Malamulo alipo, tisamanamizire umbuli. Kugwirira ndi mlandu wa apolisi ndi khoti, chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse. Si nkhani yokambirana pa tiyi mu ofesi ya mkulu wa ophunzira, ngati kuti mwana wajomba kalasi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pa zogonana ndi mlandu wa chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lili ndi mphamvu yolandira madandaulo otere. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa kompyuta. Inu otumiza zithunzi m'magulu, mukuganiza kuti limanena za yani?

Koma chimene chinandilepheretsa kudya si malamulo. Ndi maola. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV munthu akagwiriridwa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, n'kumwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa kutenga mimba nawonso ali ndi nthawi yake, sadikira. Umboni wa pathupi ndi pa zovala umachoka ndi madzi osamba. Masiku atatu okha. Pamene komiti ikuti tikumana sabata ya mawa, pamene malume akuti tikambirane kaye monga banja, pamene mayi akuti khala chete ungatichititse manyazi, fizi tinavutika nayo, maola aja akutha. Kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo a Chikwanekwane, kumene a zaumoyo, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. M'gulu lathu lija, mwa anthu onse amene analembapo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati mwanayo anapita kuchipatala. Ndi mmodzi yemwe! Onse ankafuna kudziwa kutalika kwa siketi.

Ndipo mukudziwa amene akuonerera zonsezi? Mtsikana wina wa chaka choyamba, amene zomwezi zinamuchitikira mwezi watha, mwina mu ofesi yomweyo. Wakhala akulimbana ndi mtima kuti akanene kapena ayi. Waona kalata ya mnzake ikuzungulira m'mahositelo. Waona chithunzi, waona tinkhope toseka, wawerenga zimene amayi a msinkhu wa mayi ake alemba. Mukuganiza kuti apita kukanena? Sapita. Adzangoyamba kujomba, malikisi atsike, tsiku lina abwerere kumudzi ndi chikwama chake, inu n'kumati ana a masiku ano salimbikira sukulu. Bambo uja adzalandira gulu latsopano la chaka choyamba, mwamutchetchera njira ndi zala zanu.

Ndinalemba m'gulumo kuti chithunzicho chichotsedwe. Mkulu wa mpingo uja anandiyankha kuti iye wangotumiza zimene walandira. Wangotumiza! Amene amanyamula moto kuchokera kwa mnansi n'kukaika padenga la udzu anganene kuti wangonyamula? Bambo inu, mdzukulu wanu wamkazi akulemba Fomu 4 chaka chino, munatiuza nokha m'gulu lomweli, tinakuyamikirani. Chaka cha mawa mukufuna akalowe pachipata chomwecho.

Mpaka pano chithunzicho chikadali m'gulu. Chifufuteni lero, ndipo muchite manyazi.