Matenanti nawonso ndi eni dziko

Maganizo anga lero ali pa abale athu amene amalima fodya m'maesiteti a kuno ku Kasungu. Tikamakamba zolembetsa m'kaundula wa mavoti, anthu amenewa timawadumpha ngati kulibe.

Pa 16 September 2025 ndikuchokera kovota, chala chili bii ndi inki, ndinapeza bambo wina kudambo chakuno kwa Chamama akuthirira nazale, makheni awiri m'manja. Ndinati, "Bambo, simukukavota?" Anatula makheni aja, n'kundiyankha kuti kwawo ndi ku Phalombe, ndiye ankaganiza kuti dzina limalembedwa kwanu kokha. Ndalama yoti apite kumudzi analibe. Zaka zonse akhala kuno, ana awo anabadwira pompano, koma palibe anawauzapo kuti lamulo limalola munthu kulembetsa kumene anabadwira, kumene akukhala, kapena kumene akugwira ntchito. Zinandipweteka mtima, ndipo mpaka lero zikundipwetekabe.

Tangoganizani. Fodya amene timanyadira pa okushoni ya Chinkhoma amadutsa m'manja mwa anthu amenewa, kuyambira kufesa, kuwokera, kuthyola, kusoka mpaka kudinda mabelo. Mwana wawo akadwala usiku, amayenda msewu womwewu wokumbika. Mjigo ukafa, nawonso amamwa m'zithaphwi. Nanga bwanji posankha khansala ndi phungu akhale ongoonerera?

Ena mumati voti imodzi siisintha kanthu. Mwaiwala 2020? Khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu n'kukavotanso pa 23 June, ndipo kuyambira pamenepo wopambana pa mpando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Aliyense amene watsala kudimba tsiku lovota amawerengeka, kungoti amawerengekera kosowa.

Chimene ndikupempha n'chakuti tisadikire bungwe loyendetsa zisankho la MEC litsegule malo olembetsera ndiye tiyambe kuthamangathamanga. Khomo la kalemberayu ndi chitupa cha unzika chochokera ku bungwe lolemba nzika la NRB. Chitupachi munthu amatenga akakwana zaka 16, pomwe kuvota n'kuyambira zaka 18. Ndiye mwana wa tenanti amene akuthandiza makolo kusankha fodya m'chigafa chaka chino, pofika chisankho cha 2030 adzakhala ali woyenera kuvota akakwana zaka 18, ngati wina amuperekeza kukajambulitsa. Amene chitupa chinatayika posamuka esiteti ina kupita ina, ayambe kulondola lero.

Inu eni minda ndi akapitawo, mpatseni tenanti tsiku limodzi apite kukalembetsa, osamudula malipiro kapena phoso. Mafumu athu, a kwa Wimbe, kwa Kaomba, kwa Santhe, polengeza pamaliro ndi pamisonkhano muzitchula kuti uthengawu ndi wa alendo omwe. Abusa ndi mashehe chimodzimodzi.

Ine bambo aja ndinawalonjeza kuti kalembera akadzayamba ndidzawanyamula pa njinga yanga, iwo ndi mayi a kunyumba kwawo, maulendo awiri.