Ndalama ya ofesi ilipo, nanga ya kuchotsa poizoni?

Pa 16 Julayi 1979, m'mbandakucha, khoma la damu losungira zinyalala za fakitale ya uranium linagumuka ku Church Rock, m'chigawo cha New Mexico ku America. Madzi apoizoni oposa malita 350 miliyoni anasefukira mumtsinje wa Puerco, momwe anthu a mtundu wa Navajo amamwetsa nkhosa zawo. Miyezi yosakwana inayi m'mbuyo mwake kunachitika ngozi pa fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Three Mile Island ku America komweko, ndipo ija dziko lonse linaimva. Ya ku Church Rock inangodutsa mwakachetechete, chifukwa ovulalawo anali abusa a nkhosa a kumudzi.

Ndayambira pamenepa chifukwa ndakhala ndikutsatira nkhani ya ndalama zomwe boma la America limapereka kwa mitundu ya eni nthaka kuti isamalire chilengedwe, ndipo ikundisowetsa mtendere.

Kuyambira 1944 mpaka 1986, m'dziko la Anavajo, omwe eni ake amadzitchula kuti Diné, munakumbidwa matani pafupifupi 30 miliyoni a miyala ya uranium, yambiri yopangira mabomba a nyukiliya. Makampani atachoka anasiya migodi yoposa 500 ili pululu. Amuna omwe ankagwira ntchito pansi popanda mpweya wokwanira anayamba kufa ndi khansa ya m'mapapo. Mabanja ena anatola miyala ya pamgodi n'kumangira nyumba, poti palibe anawauza kuti ndi yoopsa. Mpaka lero mabanja ambiri kumeneko alibe mpopi pakhomo, amakatunga madzi kutali ndi galimoto. Ku America komwe timakusirira kuja.

Tsono thandizo lake ndi lotani? Mu 1992 nyumba ya malamulo inakhazikitsa thumba lotchedwa General Assistance Program, loyendetsedwa ndi EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Mitundu yovomerezeka ndi boma, yomwe ndi yoposa 570, ili ndi ufulu wopempha. Lamulo limati thandizo lililonse lisachepere madola 75,000. Koma ndalamayi kwenikweni ndi yokhazikitsira ofesi: kulemba antchito, kuwaphunzitsa, kulemba malamulo ndi mapulani. Kupatula nkhani ya zinyalala, si ya ntchito zikuluzikulu zokonza malo owonongeka.

Nditangomva zimenezi ndinaseka chamumtima. Ndinati ndi zomwezija tinazizolowera kwathu, ndalama yothera mu misonkhano ya kunyanja, ma alawansi m'thumba, malipoti okongola, mjigo ukadali wakufa. Koma pang'onopang'ono ndasintha maganizo, ngakhale osati onse.

Taganizirani midzi ya ku Alaska, chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa America, komwe kuli mitundu yoposa 200 mwa imeneyi. Yambiri kulibe msewu, umafikako pa ndege kapena pa boti. Kumeneko ndalama yomweyi ndi imene imalipira munthu wa m'mudzi momwemo woti atolere mabatire akutha ndi zitsulo, azikweze pa boti zichoke zisanawononge madzi. Munthu ameneyo ndi mwana wa pamudzipo, nsomba za mumtsinjemo amadya nawo. Akati madzi aipa, sakuwerenga lipoti la mlendo. Anavajo nawo ali ndi bungwe lawolawo loona za chilengedwe ku likulu lawo la Window Rock, ndipo mu 2005 anakhazikitsa lamulo loletsa kukumba uranium m'dziko lawo. Mtundu wopanda akatswiri akeake ukakhala pa tebulo ndi kampani umangogwedeza mutu. Choncho ndalama ya ofesi si yachabe ayi, ndavomera.

Pomwe ndikukanabe ndi apa. Ofesi imayeza, imalemba, imachenjeza. Koma dothi lapoizoni silichoka ndi fomu. Ndalama yooneka yokonzera migodi ya Anavajo sinabwere kudzera mu kalata yopempha thandizo, inabwera kudzera kukhoti. Mu 2014, pa mlandu wa kampani ya Tronox, panapezeka madola pafupifupi 1 biliyoni oti akonzere migodi pafupifupi 50 yomwe kale inali ya kampani ya Kerr-McGee. Migodi 50 mwa yoposa 500, patatha zaka pafupifupi 30 chitsekereni mgodi womaliza. Agogo ambiri omwe anapuma fumbi lija anali atagona kale.

Ndipo chimandiwawa n'chakuti wolakwiridwayo ndiye amasanduka wopempha. Wina anadzakumba, anapeza phindu, anapita. Mwini nthaka ndiye azikhala usiku kulemba pempho, kuwerengera tsiku lotsekera, kudikira ngati nyumba ya malamulo ivomereze bajeti ya chaka chimenecho. Kumatchula zimenezi kuti "mwayi wa thandizo" ine ndimaona ngati chipongwe. Ndi ngongole imeneyo, ikubwezedwa pang'onopang'ono ngati katapila wa munthu wosauka.

Sindikanalemba zonsezi chikhala kuti uranium ndi nkhani ya kutali. Tili naye ku Kayelekera, ku Karonga. Mgodi unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo wayambanso mu 2025. Mitsinje ya kumeneko imathera m'nyanja ya Malawi. Sindikunena kuti kwachitika za ku Church Rock, ndipo ntchito ndi ndalama zakunja tikuzifuna, ndani angakane. Chomwe ine ndingapemphe, migodi ikadali yotentha chonchi, ndi zinthu ziwiri. Ndalama yokonzera malo izikhala padera, poyera, anthu a ku Karonga akudziwa kuchuluka kwake ndi komwe ikusungidwa. Ndiponso achinyamata angapo a m'midzi yozungulira aphunzitsidwe kuyeza madzi ndi fumbi, akhale ndi zida zawozawo, malipiro awo asachokere ku kampani, ndipo zotsatira azikaziwerenga pabwalo la amfumu m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka.

A ku Karonga muli pano, tandiuzeni, zotsatira za madzi a mumtsinje wa Sere munazimvapo zikuwerengedwa pamsonkhano wa m'mudzi?